Mphika wa kalata-kalata ndi mkanda wopanda nsonga

M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa ku Norway, Lorents Gran, ankagwira ntchito ndi bungwe la Red Cross ku Congo. M'chipinda chochilira anaona kuti amayi ena a mtundu wa Lulua, matenda akangoyamba, mimba inkawapotokola mwamphamvu zedi. Atafufuza, anamva kuti amayiwo ankamwa madzi owiritsa a masamba a chomera chomwe eni ake amati kalata-kalata, pomwe asayansi amati Oldenlandia affinis. Kwa ife nkhani yotere si yachilendo. Mwanamphepo timamudziwa, ndipo anamwino salakwa akamachenjeza kuti zofulumizitsa matenda zimatha kung'amba chiberekero.

Atabwerera kwawo, Gran anapeza chomwe chinkagwira ntchito m'masambamo n'kuchitcha kalata B1. Apa mpamene mutu unaima. Kanthuka ndi kapuloteni kakang'ono, peptide, ndipo puloteni ukaiwiritsa imasintha monga dzira limachitira m'madzi otentha. Yopulumuka pamoto imakagayidwa m'mimba. Nanga aka kankadutsa bwanji mumphika wobwadamuka, n'kudutsanso m'mimba, kali kamphumphu?

Yankho linadikira mpaka 1995, pamene gulu la David Craik ku Australia linaona maumbidwe ake. Ganizirani mikanda 29 yotungidwa pa ulusi umodzi, ma amino acid amenewo, tizidutswa tomwe timapanga puloteni. Mapuloteni ambiri ali ndi mutu ndi mchira, koma aka nsonga zake n'zolumikizana ngati mkanda wam'khosi, ndipo pakati pali mfundo yomangidwa ndi timilatho titatu ta sulfure. Zogaya za m'thupi zimasowa poyambira kumasula.

Kulimba kumeneku n'komwe opanga mankhwala akukufuna. Insulin, puloteni wothandiza odwala shuga, timachita kubaya chifukwa ukammeza amathera m'mimba. Koma cyclosporine, mkanda wa ma amino acid 11 wochokera ku nkhungu yomwe inapezeka m'dothi la ku Norway, amamwedwa, ndipo kuyambira 1983 wathandiza kuti thupi lisakane impso kapena chiwindi chopatsidwa. Lero ofufuza amatenga mkanda wa kalata B1 ngati chimango, n'kulowetsamo tizidutswa tochiritsa. Ku Vienna anayesa mtundu wina wosinthidwa pa mbewa za matenda ofanana ndi multiple sclerosis, nthenda yowononga mitsempha ya ubongo ndi msana.

Chimandikhudza n'chakuti mayina a Gran ndi Craik ali m'mabuku, koma amayi amene anadziwa tsamba loyenera kuthyola, ndi kuti mphamvu yake siifera pamoto, amangotchulidwa ndi dzina la mtundu wawo.