Nyamakazi ya m'mawondo: Agogo, musangokhala pamphasa

Pamene mafupa awiri akumana pali chichereŵechere, chomwe chimathandiza kuti mafupawo asamakhulane. Munthu akamakula chimaperepeseka, ndipo mawondo, chiuno kapena zala zimayamba kuphwanya, kuuma m'mawa mukangodzuka, ndi kulira mukamadzuka pansi. Iyi ndiyo nyamakazi ya okalamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu 528 miliyoni anali nayo padziko lonse, ambiri mwa iwo amayi.

Mankhwala oichotseratu kulibe, ndipo kutemera mphini sikubwezeretsa chichereŵechere. Koma chomwe chimatimvetsa chisoni ndi kuona agogo atangokhala pakhonde tsiku lonse poopa ululu. Mwendo wosagwira ntchito minofu yake imafooka, ndiye bondo limatsala lokha kusenza thupi lonse, ululu n'kumakulirakulira.

Yambani pang'ono. Khalani pampando, wongolani mwendo, werengani mpaka 5, kenaka utsitseni mwapang'onopang'ono. Chitani kakhumi mwendo uliwonse. Mukazolowera, dzukani pampandopo ndi kukhalanso, kangapo, mutagwira tebulo ngati mukuopa kugwa. Muziyenda mphindi 10 m'mawa kapena madzulo, popeza dzuwa la kuno ku Mangochi ndi loopsa masana, ndipo muzionjezera mpaka mphindi 150 pa sabata. Kupweteka pang'ono pochita zimenezi sikuti mukuononga bondo. Ululu ukakula mpaka mawa lake, chepetsani, koma musasiye.

Kuyenda m'madzi kumapeputsa mawondo, komabe m'nyanja yathu, mu Shire ndi ku Malombe muli likodzo ndi ng'ona, choncho sitikukulimbikitsani.

Ndodo igwireni kudzanja la mbali yomwe sikupweteka. Nsalu yoviika m'madzi ofunda imafewetsa bondo louma. Ngati kugwada kumzikiti kapena kutchalitchi kukuvuta, kambiranani ndi atsogoleri anu za kupemphera mutakhala pampando. Onenepa kwambiri achepetse thupi.

Panado amathandizako. Koma Brufen ndi Diclofenac musamangogula pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku, makamaka ngati muli ndi zilonda za m'mimba, BP kapena vuto la impso. Funsani adokotala kaye.

Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi nalonso n'kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pa za masewero oyenera thupi lanu, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pemphani kuchipatala chachikulu cha paboma kuti muonane ndi a fiziyo, akatswiri othandiza odwala ndi masewero olimbitsa thupi.