Nyimbo imene inasinthidwa eni ake asakudziwa

Ophunzira anga akafunsa kuti wojambula nyimbo mu situdiyo ali ndi mphamvu yanji, ndimawaikira "The Sound of Silence" kawiri. Koyamba amamva mawu a anyamata awiri ndi gitala yopanda magetsi. Kachiwiri mawu ndi omwewo, popumira ndi pomwepo, koma pansi pake pakulira ng'oma, besi ndi gitala ya magetsi. Oimbawo sanabwererenso pa maikolofoni ayi.

Paul Simon anapeka nyimboyi asanakwanitse zaka 23. Mwiniwake amati ankakonda kuimba gitala m'bafa atazimitsa nyali, poti makoma a matailosi amabweza bwino mawu. Iye ndi mnzake Art Garfunkel anaijambula mu March 1964 ku Columbia Records, mumzinda wa New York, ndipo inatuluka mu October pa chimbale cha Wednesday Morning, 3 A.M. Malonda sanayende. Awiriwo anasiyana: Simon ulendo wa ku England kukaimba m'timakalabu, Garfunkel kubwerera ku maphunziro ake ku Columbia University.

Mu 1965 mawailesi ena a ku Boston ndi ku Florida anayamba kuiulutsa, omvera n'kumaipempha. Tom Wilson, yemwe anaijambula ndiponso ankajambula woimba wotchuka Bob Dylan, anaona kumene mphepo ikulowera. Gulu la The Byrds linali litangogwedeza msika pophatikiza maimbidwe a folk ndi magitala a magetsi, mtundu umene unayamba kutchedwa folk rock. Mu June chaka chomwecho Wilson anaitana akatswiri a zida, natenga tepi yakale ija, n'kuwauza aimbe pamwamba pake. Eni nyimbo sanawafunse.

Ntchitoyi inali yovuta kuposa mmene ikumvekera. Nthawi zambiri timayamba ndi ng'oma, ena onse n'kumatsatira kugunda kwake. Apa zinatembenuka. Simon ndi Garfunkel anaimba popanda wowasungira liwiro, motero pena amafulumira, pena amazengereza, monga amachitira munthu aliyense akamatengeka ndi mawu amene akuimba. Wa ng'oma ndiye anayenera kuwathamangira pambuyo. Mukatchera khutu mudzamva malo ena pamene zida zikudikirira oimba. Ine msoko umenewu ndimaukonda, ngakhale wophunzira wanga atandibweretsera ntchito yotere lero ndingamubweze.

Nyimbo yokonzedwayo inatuluka mu September 1965, ndipo pofika January 1966 inali pa nambala 1 pa ndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America. Simon anabwerera kwawo, awiriwo anagwirizananso, najambula mwachangu chimbale cha Sounds of Silence. Mu 1967 wotsogolera mafilimu Mike Nichols anaiika nyimboyi mu filimu ya The Graduate, n'kufika nayo kwa anthu amene sankatsata nyimbo za achinyamata.

Chodabwitsa n'chakuti pa nsanja, m'zaka zimenezo, ankaiimba monga anaiyambira: mawu awiri ndi gitala ya Simon. Anaiimbanso mu September 1981 ku paki ya Central Park ku New York pamaso pa anthu pafupifupi 500,000, patapita zaka zoposa 10 chisiyanirane kachiwiri. Mu 2011, pa mwambo wokumbukira amene anafa pa chiwembu cha pa 11 September 2001 ku America, Simon anaiimba yekha, motsitsa mawu.

Achinyamata ambiri lero anaidziwira kwa gulu la Disturbed, limene mu 2015 linaijambula ndi piyano ndi mavayolini, woimba wa gululi David Draiman akuyamba ndi mawu a pansi n'kumaliza akubangula. Simon ataimva anamulembera Draiman uthenga woyamikira.