Zipani zikakhala ziwiri zokha, ndani afunse boma?

M'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, House of Commons, mabenchi obiriwira amapenyana: kudzanja lamanja la sipikala kumakhala aboma, kumanzere otsutsa. Aphungu alipo 650, koma kuyambira 1945 nduna yaikulu yakhala ikuchokera kuchipani cha Labour kapena cha Conservative basi.

Gwero lake ndi kavotedwe. Dera lililonse limasankha phungu mmodzi, ndipo woposa anzake ngakhale ndi voti imodzi watenga mpando, monga timachitira ku Malawi posankha aphungu. Zipani zing'onozing'ono zimafinyika. Pachisankho cha 2024, Labour inapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 aliwonse koma inakolola mipando yoposa 400, pomwe Reform UK inapeza 14 pa 100 n'kutsala ndi mipando 5 yokha. Zikatere, katundu wofunsa boma amagwera makamaka pamutu pa chipani chimodzi chachikulu chomwe chaluza. Chimenecho chikagona, boma limayenda lokha.

Angerezi anaona kalekale kuti wotsutsa wopanda zida amangokhala wolongolola. Kuyambira 1937, mtsogoleri wa mbali yotsutsa amalandira malipiro a udindowo kuchokera kuthumba la boma. Mu 1975 anayambitsanso ndalama zotchedwa Short Money, dzina lochokera kwa nduna ina, Edward Short, zoti zipani zotsutsa zilembere anthu ofufuza. Chifukwa chake n'chomveka: nduna ili ndi unduna wathunthu woiwerengera manambala, ndiye phungu wopanda womuthandiza angatsutse bwanji bajeti ya masamba mazanamazana? Pachigawo chilichonse cha zokambirana amapatula masiku 20 oti otsutsa asankhe okha nkhani yokambirana, 17 mwa iwo n'kupita kuchipani chachikulu chotsutsa. Nduna iliyonse ilinso ndi mnzake wa mbali yotsutsa woilonda phazi ndi phazi.

Chida chakuthwa kuposa zonse sichionekera kwambiri pa wailesi ya kanema. Ndi komiti yolondoloza ndalama za boma, Public Accounts Committee, yomwe inakhazikitsidwa mu 1861 ndipo mwa mwambo wapampando wake amachokera kumbali yotsutsa. Imatenga malipoti a ofesi yowerengera chuma cha boma, n'kuitana mlembi wamkulu wa unduna kuti akhale pansi afotokoze kumene ndalama zinalowera. Kumeneko kukuwa sikuthandiza, amafuna mapepala.

Chimene anthu ambiri amachidziwa ndi mkangano wa Lachitatu masana, pomwe nduna yaikulu imayankha mafunso kwa mphindi pafupifupi 30. Mtsogoleri wotsutsa amapatsidwa mafunso 6. Aphungu amakuwa, kuseka, kugwedeza mapepala m'mwamba. N'zothandiza ndithu kuti mtsogoleri wa dziko aziima pamaso pa anzake sabata ndi sabata, koma phokosolo limanamiza. Zipani zitha kulalatirana Lachitatu lililonse pa zazing'ono, pankhani yaikulu n'kuyenda njira imodzi.

Apa m'pomwe pali chilonda cha dongosolo la zipani ziwiri. Zonse zimalimbirana ovota omwewo a pakatikati, ndiye chilichonse chimaopa kuoneka chosakonda dziko kapena chofooka pa chitetezo. M'kati mwa chipani namonso muli aphungu osungitsa mwambo, otchedwa whip, amene amauza anzawo mmene avotere. Wokana pavoti yofunika angathe kuchotsedwa m'gulu la aphungu a chipanicho, ngati mmene nduna yaikulu Boris Johnson anachitira ndi aphungu 21 mu September 2019.

Onani zimene zinachitika pa 18 March 2003. Nduna yaikulu Tony Blair anapempha aphungu kuti avomereze nkhondo ya ku Iraq, ponena kuti mtsogoleri wa dzikolo, Saddam Hussein, ali ndi zida zopha anthu ochuluka nthawi imodzi. Chipani cha Conservative, chomwe chinali ndi ndalama, nthawi ndi mafunso 6 aja, chinaima pambuyo pa boma motsogozedwa ndi Iain Duncan Smith. Mafunso olimba anachokera kwina: kwa Robin Cook, amene anatula pansi udindo wake m'boma dzulo lake, kwa aphungu a Labour 139 omwe anagalukira mtsogoleri wawo pavoti yoyamba yofuna kusintha pempholo, komanso kuchipani chaching'ono cha Liberal Democrats. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma otsina khutuwo anachepa. Pavoti yomaliza boma linapambana 412 kwa 149.

Mu May 1940 zinthu zinayenda mosiyana. Asilikali a Britain atalephera ku Norway, Labour inakakamiza kuti pakhale voti ngakhale nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali mkati. Boma la Neville Chamberlain linapambana 281 kwa 200, koma aphungu ambiri a mbali yake anamutaya, ndipo patangotha masiku awiri anasiyira mpando Winston Churchill.

Za ku Iraq zinadikira kufikira July 2016, pomwe bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi John Chilcot linatulutsa lipoti lake. Linapeza kuti Britain inalowa nkhondo njira zamtendere zisanathe, ndiponso kuti nkhani ya zida ija inanenedwa motsimikiza kuposa umboni umene unalipo. Asilikali a Britain 179 anali atafera kale kunkhondoko, osawerengera anthu a ku Iraq miyandamiyanda.