Mwasintha batire, wailesi yayamba kufunsa khodi, vuto lili pati?

Funso ili ndimalilandira pafupifupi sabata iliyonse ku galaja, ndipo anthu ambiri amabwera nalo madzi atafika kale m'khosi. Batire latsopano lili mkati, galimoto ikulira bwinobwino, koma wailesi yangoti ziii, pa sikirini palembedwa CODE kapena SAFE kapena zilembo za Chijapani zoti olo mmodzi pakhomopo sangawerenge. Ndiye munthu amayamba kuloza chala mnyamata amene wamanga batire uja kuti waotcha chinachake. Ayi bwana, mwanayo sanaotche kanthu. Wailesi yanuyo ikuganiza kuti yabedwa basi.

Kumbuyo kwa wailesi kumalowa mawaya awiri a moto. Wina umabweretsa moto mukapotokola kiyi, pa mawailesi ogula mushopu umakhala wofiira, winayo wachikasu umachokera ku batire ndipo sumazima usana ndi usiku, ndi umene umasunga nthawi ndi masiteshoni anu aja. Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akuba ankaswa magalasi ku Ulaya ndi ku America kufuna wailesi yokha, ndiye opanga magalimoto anati chabwino, moto wa waya wosazima uja ukangoduka wailesi izidzitseka yokha mpaka mwiniwake alembe nambala. Vuto ndi loti wailesi ilibe maso, siisiyanitsa wakuba ndi inuyo amene mwachotsa batire usiku kuopa akuba omwewo, kapena mwabwereketsa neba kuti alizire yake, kapena batire langophweratu galimoto itakhala mwezi osayenda. Olo fyuzi yokha ikapsa zimachitika.

Ndiye kodi galimoto iliyonse imafuna khodi? Ayi. Ma Toyota ambiri okhala ndi wailesi wamba ya mabatani ija safunsa kanthu, mumangokonza nthawi n'kusakanso masiteshoni. Magalimoto ambiri atsopano nawonso wailesi imadziwana ndi kompyuta ya galimotoyo, ikaona kuti ili pakhomo pake pomwe imatseguka yokha. Ovuta ndi apakatikati awa. Honda zakalezo zambiri zimafuna manambala 5, VW imalemba SAFE n'kufuna manambala 4, Ford nayonso 4. Khodiyo imabwera pa kakhadi kakang'ono mu buku la galimoto, ena amamata kasitika mkati mwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasinjala kaja, ndiye musanathamangire kwa makaniko khuthulani kaye mapepala onse mmenemo. Ikasowa pamafunika siriyo nambala ya wailesi. Pa Honda zambiri mumadina 1 ndi 6 pamodzi kwinaku mukuyatsa wailesi, nambalayo imatuluka pa sikirini, zina mpaka kuizula wailesiyo n'kuwerenga pa chimata cha pambali. Nambala imeneyo pamodzi ndi chasisi nambala ndi buluu buku ndi zimene adila amafuna kuti akupatseni khodi.

Chonde musamalote manambala. Ndimaona anthu akuyesa 1234, kenako 0000, kenako chaka chobadwa, ngati kuti amene anapanga wailesiyo ku fakitale ankawadziwa. VW mukalakwitsa kawiri imakukhazikani ola lathunthu, ndipo ola limenelo limawerengedwa wailesi ili choyaka, mukazimitsa mwayambiranso. Ford imalemba WAIT, mukapitiriza makani imafika pa LOCK ndipo pamenepo zimakhala zodula.

Koma kwathu kuno nkhani yeniyeni ndi magalimoto a ex-Japan awa, amene amatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ma Vitz, Passo, Sienta, Axio okhala ndi wailesi ya sikirini ya mapu ija. Izi zili ndi matenda awiri osiyana ndipo anthu amawasakaniza. Oyamba ndi pasiwedi imene mwini galimoto wa ku Japan anaika yekha, munthu woti simudzamuona moyo wanu wonse. Imeneyo timadutsira pa nambala yotchedwa ERC, ya zilembo ndi manambala 16, imene pa mawailesi ambiri a Toyota imatuluka mukagwira batani lalikulu lija osalisiya kwinaku mukuyatsa ndi kuzimitsa magetsi a paking'i katatu. ERC ija ndi imene amaisandutsa khodi yotsegulira, anyamata okonza mawailesi mutauni amachita zimenezi mphindi zochepa. Achiwiri ndi khadi ya SD kapena chimbale cha mapu. Mawailesi ngati NDDN-W57 amadalira chimbale, ena ngati NSZT-W61G amadalira khadi, ndipo moto ukaduka wailesi imafuna kuwerenganso pulogalamu yake kuchokera mmenemo. Khadi ikapanda kupezeka olo mutalemba khodi yanji siyaka.

Mayi wina anabwera ndi Sienta yake atayenda nayo zaka ziwiri wailesi ikuimba bwinobwino, tsiku losintha batire basi zii. Titatsegula kachitseko ka khadi tinapeza mulibe kanthu. Atafunsa kunyumba zinadziwika kuti mwana wawo anaitulutsa kalekale, anaiona ngati memore khadi yaulere, anaifomata n'kuikamo nyimbo. Wailesi inali ikungoyendera zimene inasunga m'mutu, batire litachoka zonse zinauluka. Khadi zimenezi sizolowana, iliyonse ili ndi modelo yake, ndiye pogula ina muwerenge kaye nambala yolembedwa pankhope pa wailesi yanu, musangogula poti wogulitsa wati zonse n'chimodzimodzi.

Ine ndimati zonsezi n'zopeweka ngati mwafunsa sipanala isanakhudze theminolo. Pali kachipangizo kotchedwa memory saver kamene timalumikiza pa soketi ya OBD, ija amakaniko amalumikizapo kompyuta yoyezera galimoto pansi pa chiwongolero paja, pini nambala 16 ya soketi imeneyo imakhala ndi moto wa batire nthawi zonse ndiye kamadyetsa galimoto 12V pamene batire lakale latuluka. Kulibe kachipangizoko timagwiritsa batire lina ndi majampa, kungoti waya wa pozitivi uja umakhala uli ndi moto, tiziukulunga ndi kansanza usagunde bodi. Zitseko zikhale zotseka, magetsi onse ozimitsa. Pochotsa timayamba negetivi, pobwezera negetivi imakhala yomaliza.

Chimene ndimakana ine ndi chija amachita ena pa msika chosintha batire injini ikulira, ati kuti wailesi isaiwale. Inde siiwala, koma batire ndi limene limakhazika pansi moto wochokera ku alternator, kachipangizo kamene kamatchaja batire injini ikamalira, mukalichotsa injini ikuyenda moto umatha kudumpha n'kuotcha kompyuta ya injini, ndipo mtengo wa kompyuta imeneyo mutha kugula nawo mawailesi angapo.

Pomwe khadi yasoweratu ndimawafunsa eni ake kuti wailesiyo akuikonda bwanji, chifukwa mapu ake ndi a Tokyo ndi Osaka, menyu yake Chijapani chokhachokha, ndipo FM yake imayambira pa 76 n'kuthera pa 90, zatsopanoko pa 95, pamene masiteshoni athu amafika mpaka 108, n'chifukwa chake mumamva ochepa okha pokhapokha muikemo band expander, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni otsalawo. Mayi a Sienta aja titawawerengera mtengo wa khadi ndi wa expander anangoti zulani, tinaikamo wailesi ya Android tsiku lomwelo, ndipo waya wachikasu ndinaulumikiza ndekha.