Kok-boru, mpira wa mbuzi wa ku Kyrgyzstan unayamba bwanji

Ku Kyrgyzstan kuli masewera otchedwa kok-boru omwe anthu amalimbirana mbuzi yakufa ali pa mahatchi. Mbuziyo amaidula mutu ndi ziboda, imalemera makilo 30 ndi kupitirira, ndiye munthu amawerama hatchi ili pa liwiro nkuitola pansi ndi dzanja, kuipanikiza ndi mwendo kenako nkuthawa nayo anzake akumuthamangitsa komanso kumugunda ndi mahatchi awo. Ukaona koyamba umangoti awa ndi amisala basi koma nkhaniyi ndi yakalekale.

A Kyrgyz kuyambira makedzana anali anthu oweta ziweto, osamukasamuka m'mapiri a Tian Shan ndi nkhosa, mbuzi komanso mahatchi awo. Mdani wamkulu wa ziwetozo anali mmbulu. Akuluakulu akumeneko amafotokoza kuti mmbulu ukagwira nkhosa anyamata ankakwera mahatchi nkuuthamangitsa mpaka kuupha, ndiye pobwerera kumudzi aliyense ankafuna kuti akhale iyeyo wokauponya pakhomo pa mkulu wa mudzi, apa mpomwe kulandana kunayambira. Dzina loti kok-boru likutanthauza mmbulu wotuwa. Pambuyo pake mbuzi inalowa m'malo mwa mmbulu, nchifukwa chake ena amati ulak tartysh, kukokerana mbuzi. Masewerawa ankaphunzitsanso anyamata ndi mahatchi awo kulimba mtima pa nkhondo, hatchi yoopa kugundana ndi inzake inalibe ntchito.

Kale kunalibe za matimu zenizeni. Pa ukwati kapena phwando lalikulu mwini phwando ankapereka mbuzi ndi mphatso ndipo amuna ambirimbiri ankalowa nthawi imodzi aliyense payekha, opanda wotchi opanda malire a bwalo, mpaka pano kumidzi amaseweranso choncho ndipo amati alaman ulak. Akamaliza nyama ija sataya ayi, amakaphika nkudya, akuti imakhala yofewa bwino chifukwa chopunthidwa tsiku lonse lija.

Chimene ambiri sadziwa nchoti kok-boru yomwe timaona pa TV lero ndi yatsopano. Dziko la Kyrgyzstan litapeza ufulu mu 1991 Soviet Union itatha, anthu ankafunafuna zinthu zoti nzathuzathu, ndiye mu 1996 munthu wina wopanga mafilimu dzina lake Bolot Shamshiev anatsogolera kukonza malamulo atsopano. Mpomwe panabwera golo yotchedwa tai kazan, chinthu chozungulira chokwezeka chooneka ngati chimphika chachikulu, chimodzi mbali iyi china mbali inayo, ndipo chigoli chimawerengedwa mbuzi ikaponyedwa mkatimo. Timu iliyonse imalowetsa anthu 4 nthawi imodzi, gemu imakhala ndi zigawo 3 za mphindi 20, pali oyimbira, pali ligi, ena mpaka amadyera momwemo ndipo hatchi yabwino ya kok-boru ndi yodula zedi. Kwa ine apa Shamshiev anaganiza ngati wa mafilimu ndithu, anapanga zoti munthu wokhala pa sitandi aziona bwinobwino kuti chigoli chalowa, osati fumbi lokhalokha kutali uko.

Magemu akuluakulu amachitika pa Nooruz, chikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko, pa 21 March komanso pa tsiku la ufulu pa 31 August. Mu 2014 mpikisano wa World Nomad Games, wa masewera a anthu osamukasamuka, unayamba ku Cholpon-Ata m'mbali mwa nyanja ya Issyk-Kul, unabweranso komweko mu 2016 ndi 2018, ndipo mu 2017 UNESCO inaika kok-boru pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa.

Koma golo yomweyo ndi imene inabweretsa kusamvana ndi aneba awo a ku Kazakhstan. Iwo ali ndi yawo yotchedwa kokpar, monganso ku Afghanistan ali ndi buzkashi, ndipo a ku Kazakhstan safuna kazan, amaponya mbuzi m'malo ozungulira olembedwa pansi ponena kuti kazan imavulaza anthu ndi mahatchi akaigunda pa liwiro. A Kyrgyz nawo amati popanda kazan gemu imazizira. Ku World Nomad Games ya 2024 ku Astana anangoganiza zoseweretsa zonse ziwiri padera, Kazakhstan inawina kokpar pogonjetsa Kyrgyzstan mu fainolo yomwe munali mkangano woopsa wosewera wa Kazakhstan atakwapula mnzake wa Kyrgyzstan ndi chikwapu, ndiye ku kok-boru Kyrgyzstan inabweza nkutenga golide.