Kuyambitsa matenda a kubereka sikutanthauza opareshoni

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mayi woyembekezera akapatsidwa mankhwala oyambitsa matenda kuchipatala, mapeto ake ndi opareshoni basi, koma zimenezi si zoona. Mimba ikafika masabata 41, nsengwa imatha kuyamba kufooka ndipo chiopsezo chakuti mwana afere m'mimba chimakula, n'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa kuyambitsa matenda pa nthawiyi. Kafukufuku wa ARRIVE wa ku America mu 2018 anapeza kuti mwa amayi a mimba yoyamba amene anayambitsidwa matenda pa masabata 39, ochitidwa opareshoni anali ochepa poyerekeza ndi amene anadikira. Mankhwala oyambitsa matenda a kuchipatala monga misoprostol ndi oxytocin amaperekedwa pa mlingo woyezedwa, azamba akumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana, pamene mwanamphepo wa kumudzi alibe mlingo ndipo akhoza kung'amba chiberekero.