Tornado sipereka nthawi yoganiza

Abale amene muli ku America, makamaka ku Texas, Oklahoma, Kansas, Missouri ndi Indiana, dziwani kuti Epulo mpaka Juni ndi nyengo ya tornado, kamvuluvulu woopsa wotsika kuchokera mumtambo wa mabingu. Dzikolo limaona ma tornado pafupifupi 1,200 pachaka. Amayamba mpweya wofunda, wachinyontho wochokera ku Gulf of Mexico ukakumana ndi wozizira, wouma, mphepo za m'mwamba n'kuyamba kuuzunguza mtambowo. Tornado ya mumzinda wa Joplin ku Missouri pa 22 Meyi 2011 inapha anthu oposa 150.

Namondwe Freddy tinamumva masiku angapo asanafike mu 2023. Ndi tornado, chenjezo limafika kutatsala mphindi 10 kapena 15, nthawi zina zosakwana pamenepo. N'chifukwa chake pobisala pamasankhidwiratu kunja kuli ngwee, ana onse n'kupadziwa.

A National Weather Service, nthambi ya boma yoona zanyengo, amachenjeza pawiri. Akati Tornado Watch, ndiye kuti nyengo yaipa moti tornado ikhoza kubadwa: tchajani foni, musapite kutali. Akati Tornado Warning, yaoneka kale ndi maso kapena pa radar. Apo siyani chilichonse, ngakhale mphika uli pamoto. Zimitsani basi, thawani.

Malo abwino ndi chipinda chapansi pa nyumba. Ngati mulibe, lowani m'kachipinda kapakati kopanda windo, monga bafa, pansanjika yotsikitsitsa, kuti pakati pa inu ndi kunja pakhale makoma ambiri. Chimene chimapha anthu ambiri ndi matabwa, magalasi ndi zitsulo zouluka, choncho gwadani, phimbani mutu ndi matilesi kapena bulangete. Ana avekeni zipewa zolimba zokwerera njinga. Valaninso nsapato zolimba, chifukwa mukamatuluka pansi ponse pamakhala misomali ndi magalasi osweka. Zotsegula mawindo kuti nyumba isaphulike ndi bodza, mungotaya nthawi.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi okhala m'ma mobile home, nyumba zopepuka zija zotsika mtengo. Mulibe chipinda chotetezeka m'menemo. Chokanimo pa Watch pomwe, mupite kunyumba yolimba imene munagwirizana kale ndi eni ake.

Pamsewu, musabisale pansi pa mlatho. Mphepo imapanikizika pamenepo n'kuwonjezera liwiro, ndipo pa 3 Meyi 1999 ku Oklahoma anthu anafera pansi pa milatho. Fufuzani nyumba yolimba. Zikakanika, gonani chafufumimba m'ngalande yotsika, manja kumutu.

Masailini a m'tauni, zida zolira mokweza pochenjeza anthu, anawaikira anthu amene ali panja, ndipo muli mtulo mwina simungawamve. Ma tornado a usiku ndi oopsa pa chifukwa chomwechi, ngati ija inasakaza Mayfield ku Kentucky pa 10 Disembala 2021, nyengo yake isanakwane n'komwe. Gulani wailesi ya zanyengo yotchedwa NOAA Weather Radio yoyendera mabatire, imene imalira yokha chenjezo likatuluka, ndipo pogona musazimitse machenjezo a pafoni.